Ine kalata ya zipolopolo inatsala pang'ono kundichotsetsa ntchito

Aaa achimwene, zoyankha kalata ya embase yofuna kugula zida zomwe mukufunsazi ine zinandiwotchapo, mpaka pano ndikakumbuka m'mimba mumatentha. Ndinali pa desiki yoona za maiko akunja, kunabwera note verbale, kalata ija yomwe maboma amalemberana kudzera kwa akazembe, yochokera ku embase ina yoti boma lawo likufuna kugula zipolopolo kwa ife, ndiye defence attaché wawo, mkulu woona za asilikali pa embasepo, foni m'mawa, foni madzulo, ngati tili naye ngongole. Abwana anangondiuza pakhonde akuthamangira kwina kuti ayankheni kuti pempho lawo talilandira bwino. Ine mwana womvera n'kulemba. Kungoti mawu ndinasankhawo ankamveka ngati boma lavomera kale, pomwe a unduna wa zachitetezo fayiloyo anali asanaione n'komwe, end-user certificate panalibe, pepala lija lonena kuti zipolopolozo akagwiritse ntchito ndani komanso kuti sakazipititsanso kwina.

Tsiku la miting'i ndiye eee. Tebulo lodzaza, asilikali mu yunifomu, loya wa boma atatsegula Arms Trade Treaty ija inayamba kugwira ntchito mu 2014, pangano la maiko pa malonda a zida, n'kumawerenga Article 7 mokweza, yoti musanagulitse muyambe mwaunika ngati zidazo sizikagwiritsidwa ntchito kuphwanya ufulu wa anthu, kenako kalata yanga ija inayamba kuyenda dzanja ndi dzanja. Itafika kwa abwana anaiyang'ana ngati akuiona koyamba, amvekere walemba ndani zimenezi? Ine manja thukuta lokhalokha, pakamwa gwa, cholembera chikungonjenjemera. Munthu wamkulu ndi imvi zake kundikana masanasana chonchija! Lero ndikamuona pa Facebook akulalikira za utsogoleri wabwino ndimangodutsa.

Ndipo nkhani za zida sizichedwa kununkha, kumbukirani sitima ya An Yue Jiang mu 2008 itanyamula zipolopolo zopita ku Zimbabwe, ogwira ntchito padoko la Durban anakana kutsitsa katunduyo, dziko lonse n'kudziwa.

Ndiye inuyo musatulutse kalata iliyonse yomveka ngati mwavomera abwana asanasainire pafayilo, mawu apakamwa amawakana awa. Onaninso ngati dzikolo silili pa embargo ya UN Security Council, chiletso cha bungwe la United Nations choti lisagulitsidwe zida, ndipo pakatulukira kampani ya mkhalapakati chenjerani nayo. Komabe musawasunge nthawi yaitali akazembewo, amakwiya msanga n'kukakunenezani kumwamba, bola kuwayankha lero lomwe ngakhale abwana kulibe, kungoti talandira, tapereka kwa oyenera, basi, mawu oti bwino aja osaikapo.