Kumanga injini ya nthunzi pa kompyuta: yankho kwa wowerenga wa ku Luwinga

Wowerenga wina wa ku Luwinga wanditumizira imelo yokhala ndi funso limene ndaona kuti ndiliyankhe poyera. Akuti amasewera Open Rails, sewero la pa kompyuta loyendetsa sitima za pa njanji, pa laputopu yakale, atopa ndi kuyendetsa sitima za ku Ulaya ndi ku America, ndipo akufuna kudzipangira injini ya nthunzi yonga zimene zinkayenda m'Malawi muno. Akufunsa poyambira, komanso ngati kompyuta yawo ingakwanitse ntchitoyo.

Achimwene, za kompyuta musade nazo nkhawa. Open Rails imawerenga mafayilo a Microsoft Train Simulator, sewero limene linatuluka mu 2001, choncho injini yomangidwa mosamala siilemetsa makina. Thupi la injini mudzalimanga mu Blender, utoto mudzaukonza mu GIMP, ndipo mapulogalamu onsewa ndi aulere. Mudzangowononga bandulo powatsitsa. Zolowerani kusunga ntchito yanu pafupipafupi, pakuti magetsi sachenjeza akamathima.

Funso la poyambira ndilo lalikulu, ndipo yankho langa ndi lakuti muyambe ndi miyeso ndi magudumu, osati ndi maonekedwe. Ambiri amathamangira chumuni, nyali ndi utoto chifukwa ndi zimene zimakopa maso pa chithunzi, kenaka injini ija ikaikidwa pa njanji imayandama m'mwamba kapena ndodo zake zoyendetsa magudumu zimadutsa m'kati mwa silinda, chitsulo chonga mgolo mmene pisitoni imayendamo.

Sankhani injini yaing'ono. Njanji ya Shire Highlands Railway inafika ku Blantyre kuchokera ku Port Herald, kumene lero timati Nsanje, mu 1908, ndipo inatalikitsidwa kufika ku Salima mu 1935, chaka chomwe mlatho wa Dona Ana unatsegulidwa pa Zambezi. Kuno kumpoto njanji sinafike, motero ife a ku Mzuzu tiyenera kukwera basi kuti tikaone injini ndi maso. Imodzi mwa injini zoyambirira za njanji ija, Shamrock, yopangidwa ndi kampani ya W. G. Bagnall ya ku Stafford, imasungidwa ku nyumba ya zakale ya ku Chichiri. Imanyamula madzi ndi zosonkhezera moto pa thupi lake lomwe, choncho simudzafunika kumanga ngolo yachiwiri yokoka kumbuyo. Ndikudziwa kuti Garratt, injini zazikulu za Beyer, Peacock zimene zinatchuka pa njanji za ku Zimbabwe, zimakopa mtima, koma izo zili ndi magulu awiri a magudumu oyenda paokha ndi boyila yolendewera pakati, ndipo munthu woyamba kumene akhoza kuthera miyezi pa izo osaona chilichonse chikuyenda. Mukapita ku Chichiri, pemphani chilolezo, tengani tepi yoyezera, ndipo jambulani kuchokera m'mbali molunjika mutaima patali, ndodo ya mita imodzi itatsamira pa gudumu. Chithunzi chojambulidwa chapangodya chimanamiza miyeso.

Muyeso woyamba kuulemba ndi m'lifupi mwa njanji. Njanji za m'Malawi ndi za mamilimita 1,067, pamene njanji zambiri za m'masewerowa zinamangidwa pa mamilimita 1,435. Kusiyanako ndi mamilimita 368, ndipo sikubisika: injini yathu ikaikidwa pa njanji yotakata, magudumu ake amagwera m'kati. Ena amathetsa vutoli potalikitsa ekiselo, chitsulo cholumikiza magudumu a mbali ziwiri, koma ine sindigwirizana nazo, chifukwa injini ya njanji yopapatiza ili ndi kaimidwe kakekake, thupi lotakata pamwamba pa magudumu oyandikana, ndipo mukausintha muyesowo mwamanga injini ina. Pezani kaye njanji ya muyeso wathu, ndipo muziyesera pamenepo kuyambira tsiku loyamba.

Tsopano magudumu, pamene pali ntchito yeniyeni. Gulu lililonse la magudumu awiri ndi ekiselo yake likhale chinthu chapachokha mu Blender, ndipo malo ozungulirapo akhale pakati penipeni pa ekiselo. Mukaphonya ngakhale pang'ono, gudumu limayenda mopepeluka ngati la njinga ya sakramento imene yagunda dzenje. Chachiwiri, zikhomo zimene ndodo zimagwirapo sizikhala malo ofanana mbali zonse ziwiri: cha mbali imodzi chimatsogolera chinzake ndi madigiri 90. Anachita dala opanga injini, kuti pisitoni ina ikafika kumapeto kwa ulendo wake, pamene ilibe mphamvu yozunguza gudumu, inzake ikhale ili pakati ikukankha mokwanira; popanda zimenezi injini ikanatha kuima pamalo oti siingathe kunyamukanso. Poti pisitoni iliyonse imakankhidwa ndi nthunzi popita ndi pobwerera, injini ya masilinda awiri imatulutsa mpweya ku chumuni kanayi gudumu likazungulira kamodzi. Gudumu la mamita 1.2 pa liwiro la makilomita 40 pa ola limazungulira pafupifupi katatu pa sekondi, kutanthauza kupuma pafupifupi 12 pa sekondi. Anthu odziwa sitima amamva msanga phokoso likasemphana ndi magudumu, ndipo amakhululuka utoto wolakwika msanga kuposa zimenezi.

Ndodo yolumikiza magudumu ndi yosavuta, chifukwa imangoyenda mozungulira osapendekeka. Yovuta ndi yochokera ku pisitoni, pakuti mutu wake umodzi umayenda mowongoka chamtsogolo ndi chambuyo pamene winawo ukuzungulira ndi chikhomo, ndipo kutalika kwake sikuyenera kusintha. Musaiyendetse ndi dzanja mongoyerekeza. Gwiritsani ntchito zomangira za mu Blender zotchedwa constraints kuti mutu uliwonse utsatire malo ake, kenaka musunge mayendedwewo. Pa injini zambiri zazing'ono zakale, zitsulo zoyendetsa mavalavu zili m'kati mwa fulemu ndipo sizioneka, zimene zidzakupeputsireni ntchito. Zitsulo zoonekera kunja za mtundu wa Walschaerts, zimene Egide Walschaerts wa ku Belgium anazitulukira mu 1844, muzisungire injini yachiwiri.

Thupi lokha silikoka kanthu. Mphamvu imachokera mu fayilo ya .eng, mmene mumalemba kulemera kwa injini, kukula kwa silinda, kutalika kwa ulendo wa pisitoni, mphamvu ya nthunzi m'boyila ndi kukula kwa gudumu. Kuti muone ngati manambala anu ali anzeru, chulukitsani m'mimba mwa silinda ndi nambala yomweyo, muchulukitsenso ndi ulendo wa pisitoni, mphamvu ya nthunzi ndi 0.85, kenaka mugawe ndi m'mimba mwa gudumu; yankho lake ndi mphamvu yokokera ya injiniyo. Masamuwa amafotokoza chifukwa chake injini zokoka katundu m'mapiri zimakhala ndi magudumu aang'ono. Chenjerani ndi chiyeso chokopera fayilo ya injini yaikulu n'kungosintha dzina, chifukwa kainjini kanu kadzakoka mabogi 30 pa chitunda popanda kutsetsereka, ndipo palibe amene adzakhulupirire.

Utoto ubwere pamapeto. Misomali ya pa boyila ndi tizitsulo tina ting'onoting'ono muzijambule pa chithunzi chokutira thupi m'malo moumba chimodzichimodzi, ndipo mukonzenso thupi lina lopepuka loti lizioneka injini ikakhala patali. Izi ndi zimene zidzapulumutse laputopu yanu. Musaipake yonyezimira paliponse: mwaye ukhale pamwamba pa boyila, mafuta pa ndodo, dzimbiri pamene madzi amadontha.

Kumapeto kwa imelo munatchula maloto omanga njanji yongopeka yochokera ku Nkhata Bay kukwera kuno ku Mzuzu. Ganizoli ndalikonda, koma werengani kaye mtunda wake. Nyanja ya Malawi ili pa mamita osakwana 500 pamwamba pa nyanja yamchere, pamene Mzuzu ili pamwamba pa mamita 1,200, ndipo njanji yokwera mita imodzi pa mamita 50 alionse ifunika makilomita oposa 35 okwera osapuma. Kainjini konga Shamrock kadzafunika malo omwera madzi m'njira ndi mabogi ochepa kwambiri, choncho muyambe mwakayesa pa kanjanji kafupi kokhala ndi chitunda chimodzi ndi khona limodzi, muone ngati kangathe kunyamuka kataima pakati pa chitundacho.