Unyolo kapena mzere wa tizitsulo?

Funso: Ndimaphunzitsa sayansi pa sekondale ina ku Area 25 kuno ku Lilongwe. Pofotokoza momwe kuwala kumadutsira pa tizitsulo ting'onoting'ono toyalidwa pa galasi, ndinati "unyolo wa tizitsulo". Mwana wina anafunsa ngati tizitsuloto n'tokolana ngati tcheni cha njinga. Kodi ndinalakwitsa?

Yankho: Aphunzitsi, mwana ameneyo ali ndi khutu la Chichewa, musamutaye. Unyolo ndi zitsulo zokolowekana, china kulowa m'chinzake, ndipo ukakoka kumodzi konse kumabwera. Tizitsulo mukunenati, nthawi zambiri ta golide kapena siliva, sitikhudzana n'komwe. Pakati pake pamakhala kampata. Nenani "mzere wa tizitsulo" kapena "tizitsulo tondandalikidwa". Mkanda nawonso ayi, chifukwa ulusi palibe.

Koma ine chikundivutitsa kwambiri ndi mawu oti "kudutsa", chifukwa mwana aganiza za madzi oyenda m'paipi. Chimachitika n'chakuti kuwala kukawomba kachitsulo koyamba, maelekitironi a m'menemo (tinthu ting'onoting'ono tonyamula magetsi) amagwedezeka onse pamodzi, uku ndi uku. Kugwedezekako kumadzutsa kachitsulo kotsatira, nako kamadzutsa kanzake. Mneni woyenera apa ndi "kupatsirana". Akumbutseni anawo anyamata omanga nyumba akamakweza njerwa: amaima motalikirana pang'ono, wina kuponyera mnzake, palibe woyenda koma njerwa zikufika pamwamba. Zina zimasweka m'njira. Kuwalanso chimodzimodzi, mphamvu yake yambiri imasanduka kutentha m'chitsulomo, n'chifukwa chake sikufika patali.

Pofotokoza kuchepa kwa tizitsuloti, mawu oti nanomita asiyeni choncho. Ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000,000,000 a mita, ndipo "nano" anachokera ku Chigiriki, kutanthauza munthu wamfupi kwambiri. Mafunde a kuwala komwe maso athu amaona ndi otalika mananomita 400 mpaka 700, pamene tizitsuloti timatha kukhala mananomita 50 okha. Golide akachepa chotere amaoneka wofiira, monga anaonetsera Michael Faraday ku London mu 1857.

Ndamvapo ena, pofotokoza pomwe pali tizitsuloti, akuti "pafupi ndi pamwamba". Pamwamba pa chiyani? Tchulani chinthucho: "pa galasi pomwe tayalidwa". Galasilo siliri chabe mphasa yogonapo, limasintha mtundu wa kuwala komwe kumagwedeza tizitsuloto.

Wina akakutsutsani kuti golide si chitsulo, muuzeni kuti m'kalasi ya sayansi mawuwa timawatambasula, amakwanira golide, siliva ndi kopa yemwe.