Musamuike mawu m'kamwa munthu amene anagona

Adzukulu anga awiri andibweretsera mafunso amene ndawaona kuti ndi mapasa. Mtsikana akufuna kulembera ana mbiri ya munthu wina wotchuka amene anatisiya kalekale, koma pofufuza wapeza kuti munthuyo anali wamtima wapachala ndiponso wokonda kutamandidwa. Akuti, "Agogo, ndikalemba zimenezi sindikhala ndanyoza malemu?" Mnyamata naye akuti nkhani yake ikuuma, ndiye akufuna kupeka zokambirana kuti ana asagone powerenga. Khalani pansi nonse awiri, ndikuuzeni za mayi wina amene anagwira ntchito imeneyi mpaka kukalamba nayo.

Dzina lawo ndi Jean Fritz. Anabadwa mu 1915 ku Hankou, m'dziko la China, m'mbali mwa mtsinje wa Yangtze, mzinda umene lero uli mbali ya Wuhan. Makolo awo anali a ku America, bambo awo akugwira ntchito m'bungwe lachikhristu la achinyamata la YMCA. Mwanayu anakula akudziwa kuti ndi wa ku America, koma dzikolo asanaliponde. Sukulu imene ankaphunzira inali ya anthu a ku Britain, ndipo tsiku lina anakana kuimba nyimbo yopempherera mfumu ya ku Britain, poti sinali mfumu yake. Mumsewu ana a ku China ankamutcha mlendo. Kwawo ankangokumva m'makalata a agogo ake a ku Pennsylvania. Banjalo litabwerera ku America kumapeto kwa zaka za m'ma 1920, anapezanso kuti anzake a m'kalasi akumuona ngati wachilendo. Taganizani, mwana wopanda poti apa ndiye pathu. Njala yofuna kudziwa mizu yake ndi imene inamukankhira ku mbiri ya anthu amene anayambitsa dziko la America.

Sanathamange ayi. Anatsiriza maphunziro ku Wheaton College mu 1937, anakwatiwa mu 1941, analera ana, ndipo anagwirapo ntchito m'laibulale ya ana ku Dobbs Ferry, ku New York. Buku lawo loyamba linatuluka m'zaka za m'ma 1950, koma mabuku a mbiri ya anthu amene anawatchukitsa anayamba mu 1973, iwo atapitirira zaka 55. Inu amene mukufuna kutchuka ndi buku loyamba, kuona maso a nkhono n'kudekha.

Tsopano iwe mtsikana, mvetsera. Nthawi imeneyo mabuku ambiri a ana ankajambula atsogoleri akale ngati angelo, anthu osalakwa, osaseka, osaopa. Mayi Fritz anakana njira imeneyo. Polemba za Samuel Adams, mmodzi mwa anthu amene anautsa mtima wofuna ufulu ku Boston pamene America inali m'manja mwa Britain, anamanga buku lonse pa kakhalidwe kamodzi: bambowa ankakana kuphunzira kukwera hatchi, ankangoyenda wapansi, mpaka m'bale wawo John Adams anawanyengerera. Polemba za John Hancock, mtsogoleri winanso womenyera ufulu, sanabise kuti ankakonda zovala zapamwamba ndiponso kuti anthu azimukonda. Paul Revere, amene ana a ku America amamudziwa chifukwa cha ulendo wake wa usiku pa hatchi wokachenjeza anthu za asilikali a ku Britain mu April 1775, anamuonetsa ali mmisiri wosula siliva, wopanga mano oikirira ndi mabelu a tchalitchi, bambo wa ana 16, munthu wosakhazikika pansi. Kodi anthu amenewa anachepa chifukwa cha zimenezi? Ayi ndithu. Mwana akamva kuti munthu wamkulu chotere anali ndi liuma ngati lake, amayamba kukhulupirira kuti nayenso angathe kuchita chachikulu. Mngelo palibe mwana angamutsanzire.

Chimene chimandigwira mtima kwambiri n'chakuti analembanso za Mfumu George III ya ku Britain, yemwe kwa anthu a ku America anali mdani. Sanamusandutse chilombo. Anamuonetsa ali munthu wofuna kukhala mfumu yabwino, wokonda banja lake, koma wosamva za ena pa nkhani ya misonkho ndi ulamuliro. Kumuchitira chilungamo munthu amene fuko lako linamenyana naye, umenewo ndiye ulemu weniweni wa mlembi.

Akuluakulu anati mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo. Mwambiwu sunena kuti uzikana kuti mwendowo ndi wochepa. Ukunena kuti uone zonse, koma ulemu usachoke. Choncho lemba za ukali wa munthu wakoyo ngati ukaliwo unakhudza ntchito yake, ngati unamutayitsa abwenzi kapena unamuthandiza kuima nji pamene ena ankathawa. Koma ndikuchenjeze, mdzukulu wanga: miseche si mbiri. Zimene unangomva kwa wina wodana naye, popanda kalata kapena mboni, zisiye. Ndipo pali zina zoona zimene mwana wa zaka 8 sangazisenze, zimenezo zidikire buku la akuluakulu. Kusankha chonena kumaloledwa, koma kunama kuti munthuyo analibe banga n'kumene ndikukuletsa.

Iwe mnyamata, funso lako ndi limene landidetsa nkhawa. Mayi Fritz poyamba ankalemba nthano zochokera m'mbiri, momwe kupeka n'kololedwa. Koma atayamba kulemba mbiri yeniyeni ya anthu anadziikira lamulo: mawu alionse oikidwa m'kamwa mwa munthu ayenera kupezeka m'kalata, m'buku limene mwiniwake ankalembamo za tsiku ndi tsiku, kapena m'zolemba za amene anamumva akulankhula. Munthu wamoyo ukamunamizira amabwera kudzakutsutsa. Amene anagona sangadzuke kunena kuti "sindinatero". Ndiye kumupekera mawu n'kumulanda pakamwa iye alibe podzitetezera. Ndipo mwana amene akuwerengayo amameza zonse, sadziwa kusiyanitsa. Adzakula akubwereza bodza lako ngati choonadi, mwina mpaka kudzaliphunzitsa ena.

Taona mmene mayiwa anachitira ndi moyo wawo womwe. Mu 1982 anatulutsa buku lotchedwa Homesick, lofotokoza ubwana wawo ku China. Popeza sakanatha kukumbukira mawu onse a paubwana, ndipo zina anazilumikiza ndi kupeka, ananeneratu kumayambiriro kuti bukulo liwerengedwe ngati nthano, ngakhale anthu ndi malo ake ndi enieni. Inali nkhani yawoyawo, palibe akanawagwira, koma anaulula. Bukulo linalandira mphoto zikuluzikulu, ndipo mu 2003 boma la America linawapatsa mendulo ya National Humanities Medal. Anamwalira mu 2017 ali ndi zaka 101.

Nkhani yako ikuuma chifukwa sunafukule mokwanira, osati chifukwa choonadi n'chosakoma. Safunsa anadya phula. Bwerera ku makalata a munthuyo, funafuna chimene ankaopa, chimene chinkamuseketsa, dzina la galu wake ngati anali naye, tsiku limene analephera. Ngati mtima wako ukukakamira kupeka, peka, koma ulembe pachikuto kuti ndi nthano. Ukamaliza chaputala choyamba ubwere nacho kuno, tidzawerengere limodzi, ndipo pa mawu alionse amene wamuika munthuyo m'kamwa ndidzakufunsa kuti unawapeza kuti.