Tonse awiri ndife akuda, nanga mwana wachialubinoyu wachokera kuti?

Mayi wina wa ku Tsangano, ku Ntcheu, watumiza imelo. Mwana wake wachitatu wabadwa wachialubino, pomwe iye, amuna ake ndi ana awiri oyambawo onse ndi akuda. Akuchimuna akuti kumtundu kwawo kulibe zotere, ndiye mwina mayiyu anayenda njira zina. Akufunsa kuti vutoli lachokera mbali iti, ndipo ngati mwana wotsatira adzakhalanso chomwecho.

Mayi, lachokera mbali zonse ziwiri. Mwana wachialubino sabadwa pokhapokha bambo ndi mayi onse atapereka gawo lawo.

Selo la munthu (kachigawo kakang'ono kwambiri komanga thupi) limasunga timaulusi 46 totchedwa makromozomu. Mwa amenewa, 23 amabwera ndi dzira la mayi, 23 enawo ndi umuna wa bambo. M'menemo muli majini (osati majini a mizimu aja, awa ndi malangizo omangira thupi), ndipo pafupifupi jini lililonse tili nalo pawiri, lina la kuchikazi, lina la kuchimuna. Limodzi mwa majiniwa, lotchedwa OCA2, lili pa kromozomu 15 ndipo limathandiza thupi kupanga melanin, chinthu chimene chimadetsa khungu, tsitsi ndi maso. Chialubino chofala kuno ku Africa chimabwera jini limeneli likakhala losagwira ntchito.

Munthu akakhala ndi limodzi logwira ntchito ndi lina losagwira, logwiralo limakwanira lokha, khungu limada bwinobwino. Asayansi amati logwiralo ndi dominant, chifukwa limaonekera ngakhale lili lokha. Linalo ndi recessive, limabisala mpaka litakumana ndi linzake lofanana nalo. Limatha kuyenda mobisala chotero kuchokera kwa agogo, kwa make agogo, mibadwo yambiri popanda woliona. N'chifukwa chake mawu akuti "kwathu kulibe" sakutsimikizira kanthu. Amuna anu ali nalo, inunso muli nalo, ndipo nonse munabadwa nalo.

Yesani izi pamaso pa apongozi anu. Tengani makapu awiri, ina ikhale ya bambo, ina ya mayi. M'kapu iliyonse ikani nyemba imodzi yofiira ndi imodzi yoyera. Yofiira ndi jini logwira, yoyera ndi lobisala. Tsinzinani, tolani imodzi uku, imodzi uko. Ameneyo ndi mwana mmodzi. Lembani, bwezerani nyembazo, tolaninso mpaka ka 40. Mudzapeza kuti pafupifupi ka 10 mwatola zoyera zokhazokha, ameneyo ndiye wachialubino, mmodzi mwa anayi. Pafupifupi ka 20 mwatola yofiira ndi yoyera, mwana wakuda koma wosunga jini lobisala ngati inuyo. Ka 10 kotsalako ndi zofiira zokhazokha, wakuda wopanda jinilo. Wasayansi Gregor Mendel anapeza zomwezi ndi nsawawa ku Brno, mzinda wa ku Ulaya, n'kuzisindikiza mu 1866: mbewu 705 zinachita maluwa apepo, 224 oyera, kutanthauza pafupifupi zitatu pa imodzi.

Apa ndi pomwe ambiri amasokonezeka. Mmodzi mwa anayi sizitanthauza kuti popeza wachialubino wabadwa kale ndiye atatu otsatira adzakhala akuda. Nyemba zija mumazibwezera m'kapu nthawi zonse. Mimba iliyonse imayamba payokha ndi mwayi womwewo wa 25 pa 100, kotero banja lina limakhala ndi ana achialubino awiri motsatizana, lina ana asanu ndi mmodzi popanda ndi mmodzi yemwe. Zimene munadya muli woyembekezera, amene munakumana naye panjira kapena kumuseka, sizikhudza kanthu.

Mwana wanuyu akadzakula n'kukwatirana ndi munthu wopanda jini lobisalali, ana ake onse adzakhala akuda, koma onse olisunga. Akadzapeza wolisunga, mwayi ndi theka ndi theka. Maukwati a pachisuweni amakweza mwayi woti majini obisala akumane, pakuti onse awiri amatha kutengera kwa gogo mmodzi. Matenda a m'magazi a sickle cell amayendanso njira yomweyi.

Musaganize kuti dominant ndiye labwino kapena lofala. Kachala kowonjezera kamene ana ena amabadwa nako pambali pa chala chaching'ono kawirikawiri kamayenda mwa dominant, koma anthu ambiri alibe.

Chofunika msanga ndi khungu ndi maso a mwanayo. Popanda melanin dzuwa limawotcha khungu, ndipo zilonda zake zimatha kusanduka khansa. Kuzizira kwa ku Tsangano kusakunamizeni, malo okwera dzuwa lake limapsereza kwambiri ngakhale kuli mitambo. Avale chipewa chachikulu ndi zovala za manja aatali, asakhale padzuwa kuyambira 10 koloko m'mawa mpaka 4 koloko masana, ndipo akapitirira miyezi 6 muzimudzoza mafuta oteteza kudzuwa olembedwa SPF 30 kapena kuposa pa botolo. Kafunseni mafutawa ku chipatala cha boma ku Ntcheu, komanso a bungwe la anthu achialubino la APAM angakulozereni kopeza thandizo. Maso ake akamagwedera uku ndi uku musadabwe, n'chimodzi mwa zizindikiro zake, koma akapimidwe asanayambe sukulu, ndipo m'kalasi azikhala kutsogolo pafupi ndi bolodi.