Khola la zotolatola: kuyankha mayi a ku Area 25

Sabata yatha ndalandira imelo kuchokera kwa mayi ena a ku Area 25. Akufuna kuyamba ndi nkhuku khumi zachikuda, koma bambo akunyumba akuti khola la mapaleti ndi malata akutha n'lochititsa manyazi, adikire kaye ndalama ya njerwa. Funso lawo ndi lakuti adikiredi kapena ayi.

Mayi, imelo yanuyi yandikhudza penipeni, chifukwa ine ndinadikira. Zaka ziwiri zathunthu. Ndalama ya khola ndinkaisunga m'kachitini, koma mwezi uno maliro kumudzi, mwezi winawo fizi, kenako simenti yakwera. Tsiku lomwe ndinatopa nazo, ndinapita ku msika wa Ndirande n'kukagula mapaleti asanu ndi limodzi, mnyamata wa wilibala n'kundifikitsira pa siteji. Malata anayi ndinapempha kwa aneba omwe ankaphwasula bafa lawo. Misomali sindinagule ndi umodzi womwe: ndinkazula m'mapaletimo, mwana wanga wamwamuna n'kumaiwongola pamwala ndi hamala. Anadzimenya chala chachikulu, chikhadabo chinada mpaka kusosoka, ndipo mpaka lero akadya dzira amati akulandira chipukuta misozi.

Khola litatha, alamu anga anabwera kudzacheza. Analizungulira manja ali kumbuyo, kenako amvekere, "Alamu, ili ndi khola kapena mwatsegula mtaya?" Iwowo anali ndi khola la njerwa zootcha, lopaka laimu, chitseko cha loko. Ndinaseka nawo koma mumtima munandiwawa. Ndipo nkhani ya manyaziyi imandinyansa zedi. Tonsefe tavala kaunjika, jekete ya mzungu yemwe sitikumudziwa timalowa nayo m'tchalitchi monyadira, koma thabwa logwirapo kale ntchito likhale la nkhuku, pamenepo ndiye pali ulemu wa banja? Nkhuku sidziwa laimu. Imafuna pouma, podutsa mphepo, ndi poti chilombo chisalowe.

Pachilombopo ndiye ndinalakwitsa ndekha. Matabwa a mapaleti amakhala otalikirana, ine ndinasiya mpata wina kumunsi wolowa zala zitatu, ndimvekere palibe chingadutse apa. Likongwe anadutsa. M'mawa ndinapeza anapiye asanu ndi awiri ali lambilambi, thadzi lili pakona likungonjenjemera. Masiku 21 lakhalira mazira, zonse kuthera usiku umodzi. Tsiku lomwelo ndinagula waya wa maso ang'onoang'ono, ndipo ndicho chinthu chokhacho chatsopano pa khola langa mpaka pano. Ena amatchinga ndi neti ya udzudzu. Musatero mayi. Neti ija anakupatsani ku sikelo kuti ana asadwale malungo, komanso khoswe amaiboola ngati pepala.

Koma chomwe chinandiphunzitsa kwenikweni ndi chitopa. Mwezi wa Okutobala, kukutentha, ndinaona tambala wokongola pamsika, wofiira, wa lipombo lalikulu, mtengo wake wotsika modabwitsa. Sindinadzifunse chifukwa chake mwini wake akumutaya chonchi. Ndinangofika n'kumuponya m'khola. Pasanathe sabata nkhuku zinayamba kuvala majekete, mapiko gwedee, chitosi chobiriwira, zina khosi kupotoka ngati zikuyang'ana kumwamba. Pa nkhuku 23 zinatsala 4. Ndinayesa zonse zomwe anthu amanena, tsabola, aloe vera m'madzi, makapisozi a anthu. Zabodza zonsezo, chitopa chilibe mankhwala chikalowa. Ndipo chaka chomwecho, kwa alamu anga a khola la laimu aja, chinasesanso. Sindinasangalale ayi. Chabwino, pang'ono pokha.

Katemera wake alipo, amatchedwa I-2, amapangidwa konkuno ku Lilongwe kwanuko. Kadontho kamodzi m'diso la nkhuku iliyonse, kaya mwanapiye kaya tambala, miyezi inayi iliyonse. Funsani alangizi a ziweto a m'dera lanu. Munthu amene ali ndi ndalama ya njerwa koma sakutemera nkhuku zake akumangira chitopa nyumba yabwino, basi.

Tsono mumange bwanji

Musadikire. Nkhuku khumi zongogona usiku, masana zikuyenda pabwalo, khola la mamita awiri m'litali ndi mita imodzi ndi theka m'lifupi likwana. Likwezeni m'mwamba pafupifupi mita imodzi pa mitengo ya bulugamu, pansi pake muyale nsungwi zotalikirana pang'ono kuti zitosi zizigwa, muzikolola manyowa a dimba. Mitengoyo, mbali yolowa m'dothi muipake oyilo wakutha wa galimoto, apo ayi chiswe chikugwetserani khola dzinja limodzi. Malata akale akhomeni m'mabowo omwe alipo kale, otsalawo mumate ndi phula, ndipo denga lipendekeke. Zisa: matayala akutha kapena beseni losweka, muikemo udzu wouma. Chigubu cha mafuta ophikira chodula pambali ndi chomwera, koma muchitsuke bwino, ndipo chigubu chomwe munali mankhwala a m'munda musachiyandikire n'komwe. Phulusa la pa mbaula muzithira pakona kuti zizisamba, limachepetsa utitiri. Nkhuku yatsopano iliyonse izikhala payokha masabata awiri.

Chinanso, poti mwati mukuchita lendi: khola la mapaleti mumalizula n'kukweza pa lole tsiku losamuka, la njerwa mumasiyira a landilodi. Bambowo muwauze zimenezo madzulo ano akatha kudya. Ndipo a landilodiwo muwapemphe kaye musanakumbe dzenje ngakhale limodzi, chifukwa anga anandiwerengera tambala ngati munthu wowonjezera pa bilu ya madzi.