Mnyamata akasankha Kitana mu gemu, tinene kuti watani?

Mafunso anayi andifika kuchokera m'chigwa cha Shire, ndipo onse akukhudza magemu a pa kanema ndi pa foni: anyamata amene amasankha munthu wamkazi posewera, ndi atsikana amene amasankha wamwamuna. Ndiyamba ndi la aphunzitsi, chifukwa ndi limene landiganizitsa kwambiri.

Aphunzitsi a ku Ngabu akufunsa: "Ndinapatsa ana a Fomu 2 chimangirizo pa mutu wakuti 'Masewera amene ndimakonda'. Mnyamata wina analemba kuti, 'Mu Mortal Kombat ndimakonda kuseweretsa mkazi.' Ndinadzidzimuka. Nditamufunsa anati akutanthauza kuti amasankha Kitana, munthu wamkazi wa mu gemu yomenyanayi. Ndimuuze kuti alembe bwanji?"

Aphunzitsi, mwachita bwino kumufunsa mwanayo musanamudule malikisi. Iye anatsata njira imene chiyankhulo chinamuphunzitsa. Timati mwana akuseweretsa chidole, timati usaseweretse mpeni. Kwa iye Kitana ndi chinthu chimene chili m'manja mwake, ndiye anatenga mneni yemweyo. Vuto ndi lakuti "kuseweretsa" akangoyang'ana kwa munthu amasintha nkhope. Kuseweretsa munthu ndi kumuyesa chidole, ndipo munthuyo akakhala mkazi kapena mwana, mawuwa amafika mpaka pa nkhanza zimene zimathera kukhoti. Chiganizo chimenecho sichingakhale m'chimangirizo.

Koma mukamuchotsera mawu amenewa, mumupatse ena, chifukwa oyandikana nawo alinso ndi minga. "Ndimasewera ndi mkazi" akumveka kuti pali mkazi weniweni amene wakhala naye pa benchi. "Ndimasewera ngati mkazi" ndi Chingerezi chovala malaya a Chichewa, ndipo pabwalo la mpira kwathu kuno mawu amenewa ndi chipongwe, chipongwe chimene ine sindifuna kuti ana athu azichizolowera. "Ndatenga mkazi" aliyense akudziwa kuti ndi nkhani ya ankhoswe.

Omalizawa ndinawamva ndi makutu anga pa Nchalo, mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Ndinkadikira minibasi ndipo ndinabisala pakhonde la kachipinda kena ka malata kumene ana amalipira kuti asewere. M'katimo munali TV yakale pa tebulo, PlayStation pansi pake, ndi anyamata asanu ndi mmodzi othithikana pa benchi imodzi, wina akusenda nzimbe ndi mano. Mmodzi atasankha Kitana, anzake anakuwa kuti, "Watenga mkazi!" n'kuseka. Iye sanatembenuke n'komwe. Anangoti, "Ameneyu ndi wachangu. Zokupizira zakezo muziona." Apa ankanena zida zimene Kitana amamenyera adani. Anawo ankadziwa bwino lomwe kuti mawuwo ali ndi matanthauzo awiri, ndipo n'chifukwa chake anaseka.

Ndiye alembe bwanji? Poyankhula, "ndasankha wamkazi" akukwanira. Ka "wa-" kameneko kakugwira ntchito yaikulu. Kakusandutsa mawuwo kukhala mfotokozi, ndipo womva amadziwa kuti pali dzina limene lasiyidwa: pakati pa anthu a mu gemu, ndasankha wamkaziyo. Polemba, mawu tili nawo kale m'kalasi lanu lomwelo. Pophunzitsa masewero ndi nkhani mumati mtengambali kapena mpangankhani. Mwanayo alembe kuti, "Ndimakonda kusankha mtengambali wamkazi, dzina lake Kitana." Akafuna kunena zimene zala zake zimachita pa mabatani, anene kuti "ndimayendetsa Kitana".

Mumukumbutsenso kalembedwe. "Mtengambali wamkazi" ndi mtengambali amene ali mkazi. "Mtengambali wa mkazi", motalikitsa, ndi wa mkazi wina wake, mwina amene wagwira foniyo. Ndipo ngati walemba "mamuna" monga timayankhulira kuchigwa, musamuuze kuti makolo ake amalakwitsa. Mungomuuza kuti pa mayeso amafuna "mwamuna".

Mayi wina wa ku Bangula akufunsa: "Mwana wanga wamwamuna akamasewera pa foni amakuwa kuti 'ndafa', 'andiwombera', chonsecho amene wagwa pa foniyo ndi mtsikana wa tsitsi lalitali. Kodi ndiye kuti akudziyesa mkazi? Bwanji osati 'wafa'?"

Mayi, nkhawa yanu ndaimva, koma ka "nda-" kameneko sikakunena zimene mukuopazo. Pitani pansi pa mtengo pamene abambo amasewera bawo. Mnzawo akawatolera nkhomo, mumva akuti "wandidya". Palibe amene wadyedwa, zadyedwa ndi nkhomo. Ochemerera mpira pa wailesi amati "tagoletsa" ali chikhalire pa mkeka. Chichewa chimalola munthu kubwereka "ine" wake kwa chinthu chimene waikapo mtima pa nthawiyo. Mnyamata wa pa Nchalo uja atagonja ulendo wachiwiri anati "ndafa", kenaka pomwepo anati "Kitana wandikhumudwitsa lero". M'mphindi imodzi anali "ine", n'kukhalanso "iye". Ankadziwa bwinobwino amene wakhala pa benchi ndi amene ali mu TV.

Si zachilendo kwa ife. Agogo aakazi akayamba "padangotelo" ife n'kuvomera "tili tonse", amakulitsa mawu n'kunena kuti "Ine ndine mfumu ya mudzi uno", kenaka amawachepetsa n'kukhala Kalulu. Kusukulu za anyamata okhaokha, sewero likafuna mayi, mnyamata amamanga chitenje ndi duku. Ndipo kwa Amang'anja ndi Achewa kuli Maliya wa Gule Wamkulu, amene amatuluka ndi maonekedwe ndi mayendedwe achikazi. Apa chiyankhulo chimasamala kwambiri: timati Maliya wafika pabwalo, ndipo sitipitirira pamenepo. Sindikuyerekeza mwambo wolemekezeka ndi masewera a pa foni, ayi. Ndikungonena kuti makolo athu ankadziwa kulekanitsa chimene chikuoneka pabwalo ndi nkhani zina zonse.

Palinso china chimene ndimachinyadira pa chiyankhulo chathu. Chingerezi chikamanena za munthu, kawirikawiri chimasankha pakati pa he ndi she. Ife tili ndi "iye" mmodzi. "Wabwera", "akuthamanga", "ndamuona": simungadziwe ngati ndi mwamuna kapena mkazi mpaka wina atakuuzani. Mu 1986 kampani ya Nintendo ya ku Japan inatulutsa gemu ya Metroid. Msilikali wake, Samus Aran, amavala zachitsulo kuyambira kumutu mpaka kumapazi, ndipo osewera ankangoti ndi mwamuna. Amene ankamaliza gemuyo msanga ankaona Samus atavula chisoti, n'kuzindikira kuti nthawi yonseyi amayendetsa mkazi. Kabuku ka Chingerezi kofotokoza gemuyo kankamutchula Samus kuti he pofuna kusunga chinsinsicho. Kakanalembedwa m'Chichewa sikakanafunika kunama. "Iye" akanasunga chinsinsi chonsecho mwachilungamo.

Pamene ife tikufuna kusiyanitsa, timachita kuwonjezera mawu, ndipo mawuwo amatsata gulu la dzina: mwana wamkazi, ana aakazi, mbuzi yaikazi, chidole chachikazi, kamwana kakakazi. Chimene galamala yathu imafunsa poyamba ndi chakuti, kodi ndi munthu kapena chinthu? Choncho mvetserani bwino mwana wanuyo. Akamati "Kelly wagwa", potchula dzina la mtsikana wa mu gemuyo, wamuika m'gulu la anthu, monga timachitira ndi Kalulu wa m'nthano. Akamati "chidole chagwa", wamuika m'gulu la zinthu. Zonsezi ndi Chichewa chabwino. Chimene ndingakupempheni kuti mudzudzule ndi "chimkazi ichi" kapena "kamkazi aka". Ma "chi-" ndi "ka-" amenewo ndi onyoza, ndipo pakamwa pakazolowera kunyoza wa mu foni, mawa padzanyoza wa pa mjigo.

Mawu otchulira achibale nawonso amationetsa kuti chiyankhulochi sichiopa kusakaniza. "Malume" ndi mawu opezeka m'ziyankhulo zambiri za Chibantu, ndipo mukawagawa mupeza "ma-", mayi, ndi "-lume", wamwamuna. Malume ndi mayi wamwamuna. "Mlongo" ndi mawu amodzi, koma mnyamata akawatchula akunena mtsikana, mtsikana akawatchula akunena mnyamata.

Munandiuzanso m'kalata yanu kuti mlongo wake amasewera gemu ya mpira n'kumati "ndagoletsa", pomwe timu yonse ndi ya amuna, ndipo izi sizinakudetseni nkhawa. Ganizirani chifukwa chake. Magemu a FIFA anayamba mu 1993, koma matimu a amayi analowamo koyamba mu 2015, mu FIFA 16. Kwa zaka 22 mtsikana aliyense wokonda gemuyi ankayendetsa amuna, ndipo palibe amene anamufunsa ngati akudziyesa mwamuna. Mu 2023, chaka chimene ma Scorchers anatenga chikho cha COSAFA, gemu ya EA Sports FC 24, imene inalowa m'malo mwa FIFA, inayamba kulola amuna ndi akazi m'timu imodzi m'gawo lina la masewerawo. Mnyamata wa ku Bangula amene wakula akumva za Tabitha ndi Temwa Chawinga sangaone chachilendo kusankha wosewera wamkazi kutsogolo. Mawu akuti "wosewera", "wotchinga kumbuyo", "womwetsa zigoli" amakwana onse. Amene amatsimphina ndi "goloboyi", chifukwa anabwera ndi mnyamata wake kuchokera ku Chingerezi. Ine ndimalemba "wapagolo".

Wophunzira wina wa pa boma la Nsanje akufunsa: "Kodi avatar m'Chichewa ndi chiyani?"

Mawuwa si a Chingerezi n'komwe, mwana wanga. Anachokera ku Sanskrit, chiyankhulo chakale cha ku India, kumene amanena za kutsika kwa mulungu kudzaoneka m'thupi padziko. Mu gemu akutanthauza munthu amene wamupanga wekha kuti akuimirire, wamusankhira khungu, tsitsi ndi zovala. Lara Croft wa mu Tomb Raider ya 1996 kapena Chun-Li wa mu Street Fighter II ya 1991 ndi atengambali, chifukwa unawapeza ali ndi mayina ndi mbiri zawo. Wopanga wekhayo ndi "wondiimirira". Anzako amati "munthu wanga", ndipo pocheza palibe cholakwika.

Mnyamata wina wa ku Dyeratu akufunsa: "Ndinkasewera Free Fire ndi munthu wina kwa miyezi iwiri. Ankasankha wamkazi nthawi zonse ndipo dzina lake linali lotheka kukhala la mtsikana. Ndinamutumizira mayunitsi kawiri. Tsiku lina anatsegula mawu, ndinamva kuti ndi mwamuna. Anzanga akuti sanandinamize, ine ndikuti anandinamiza. Mawu oyenera ndi ati?"

Achimwene, pepani, chifukwa manyazi a zinthu zotere amawawa kuposa ndalama zimene zapita. Koma kuti tipeze mneni woyenera tiyenera kudziwa chimene munthuyo ananena.

Dzina lokha silingakhale umboni. Chikondi, Mphatso, Chisomo, Madalitso, Thokozani: mayina athu ambiri amaitana mwamuna ndi mkazi yemwe. Pamene Chichewa chimaonetsa poyera kuti uyu ndi mkazi ndi pa mfunda, monga Naphiri, Nabanda, Nangozo. Kusankha wamkazi mu gemu nakonso si bodza, monga ndafotokozera pamwambapa. Anthu amasankha chifukwa cha liwiro la mtengambaliyo, luso lake, zovala zake, kapena kungotopa ndi nkhope imodzimodzi. Ngati zinathera pamenepo, ndiye kuti inu "munamuyesa" mtsikana. Mneni ameneyu amaika ganizolo m'mutu mwanu, ndipo iye alibe mlandu.

Ngati anaona kuti mukumuyesa mtsikana, mukumutchula kuti achemwali, iye n'kukhala chete uku akulandira mayunitsi, mawu ake ndi "kupusitsa", kapena tinene kuti anakudyerani masuku pamutu. Sananene bodza ndi pakamwa, koma analola kuti kusadziwa kwanu kumupindulire. Ngati analemba yekha kuti "ndine mtsikana", polankhula ndi inu osati potchula wa mu gemuyo, apo ndiye "anakunamizani", ndipo chifukwa panadutsa ndalama, tingatchulenso kuti chinyengo. Kusiyana kwa "ndafa" wa mwana wa ku Bangula ndi "ndine mtsikana" wa munthu ameneyu n'kwakuti woyambayo aliyense pa benchi akuona amene akuyankhula, pomwe wachiwiriyo anadalira kuti inu simukumuona.

Bwererani ku mauthenga anu akale, muwerenge kuyambira tsiku loyamba. Muyang'ane pamene mawu akuti "mtsikana" kapena "achemwali" anaonekera koyamba, ndipo muone ngati anawalemba ndi inu kapena iye, ndi chimene iye anayankha.