Zithunzi za mitengo ya mombo: zikhale ndi mitundu kapena zakuda ndi zoyera?

Achimwene, mwafunsa ngati zithunzi zimene munajambula paphiri la Kanjala ku Chipata mu Seputembala muzisiye ndi mitundu yake kapena muzisandutse zakuda ndi zoyera. Ine ndingati zimene muli mitengo ya mombo musazichotse mtundu. Nyengo imeneyi masamba ongophuka kumene amakhala ofiira, ena ngati mkuwa, ndiye mukachotsa mtundu ofiirawo ndi obiriwira amangofanana, onse otuwa. Chithunzi chimafa.

Chovuta ndi utsi wa lupsa, umachititsa mapiri akutali kuoneka mbuu. Mu Lightroom, pulogalamu yokonzera zithunzi, kwezani Dehaze (chochotsera mbuu ameneyu) pang'ono chabe, mwina 15 kapena 20. Mukapyola apo thambo limada bii ngati kukubwera mvula ya Januwale. Kenako pa HSL, gawo losinthira mtundu uliwonse pawokha, onjezani saturation (mphamvu ya mtundu) ya orange ndi red yokha. Koma samalani, dothi lathu la katondo nalonso ndi lofiira, limayamba kuoneka ngati njerwa yootcha. Ine ndinaonongapo zingapo choncho, mpaka mlongo wanga anandifunsa ngati phirilo likupsa.

Zakuda ndi zoyera zisungireni milambe yopanda masamba, ngati ija ya kunjira ya ku Mfuwe, kapena miyala yojambulidwa dzuwa lili paliwombo. Ndipo ngati foni yanu imalola RAW (chithunzi chosunga zonse zimene kamera yaona, choti mudzakonze bwino pambuyo pake), muzijambula choncho.